Mafunso a Owerenga: Kumata Zigamba pa Mapulogalamu Obisa Uthenga mu Linux

Mwezi uno makalata atatu ochokera kuno ku Mzuzu akumana pa nkhani imodzi, yomwe ndi ya ziboo zimene zimapezeka m'mapulogalamu obisa uthenga pa kompyuta za Linux, ndi mmene munthu angazitsekere. Tayamba ndi kalata ya bambo a ku Katoto chifukwa yankho lake ndilo phata la mayankho enawo.

FUNSO: Ndine mlembi wa kagulu ka alimi kosungitsa ndi kubwereketsa ndalama, ndipo ofesi yathu ili ku Katoto. Tili ndi kompyuta imodzi yomwe timaitcha seva, mmene muli maina a mamembala, manambala a ziphaso zawo za unzika, ndi ngongole ya aliyense, ndipo anzathu a ku Ekwendeni ndi ku Nkhata Bay amalowamo kudzera pa intaneti. Mnyamata amene anatiikira makinawa mu 2019 anaikamo Ubuntu 18.04, natilangiza kuti tisamawagwiregwire, kenako anapita kukagwira ntchito ku Johannesburg. Sanativutepo chiikireni, ndipo ndikalowamo amalemba kuti palibe update yoyembekezera. Koma mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira za makompyuta, akuti pulogalamu ya OpenSSL imene ili mmenemo ndi yakale ndipo akuba akhoza kulowerapo. Kodi chinthu chimene chikugwira bwino ntchito nkuchikonzeranji? Komanso ngati Linux ndi yoti aliyense akhoza kuwerenga mmene inalembedwera, kodi akubawo sawerenganso? (Bambo a ku Katoto)

YANKHO: Bambo, mphwanuyo wakuuzani zoona, ndipo mwachita bwino kufunsa zinthu zisanaipe. Ndiyambe ndi uthenga umene makinawo akulemba, wakuti palibe update yoyembekezera, chifukwa ndi umene wakukhazikani mtima pansi. Kampani ya Canonical, yomwe imapanga Ubuntu, imodzi mwa nthambi za Linux, imatulutsa mtundu wokhalitsa wa Ubuntu pakatha zaka ziwiri zilizonse m'mwezi wa Epulo, ndipo mtundu uliwonse wotere imausamalira kwaulere kwa zaka zisanu. Ubuntu 18.04 inatuluka mu Epulo 2018, ndipo chisamaliro chake chaulere chinatha mu Meyi 2023. Kuchokera nthawi imeneyo seva yanu ikapita kukafunsa ngati kwabwera zigamba zatsopano, zomwe ndi zokonza zotseka ziboo m'mapulogalamu, imapeza nkhokwe yomwe anasiya kuthiramo, choncho imabwerera nkudzakuuzani kuti palibe kanthu. Ziboo zikupezekabe mwezi ndi mwezi, kungoti zigamba zake sizikufikanso pakhomo panu.

Ntchito ya OpenSSL ndi kusandutsa uthenga kukhala zilembo zosamveka pamene ukuyenda pa intaneti, kotero kuti mnzanu wa ku Ekwendeni akamalemba pasiwedi yake kapena akamaona ngongole ya membala, munthu amene watchera khutu pakati pa njira sangatolepo kanthu. Chizindikiro cha loko chimene mumachiona pa tsamba la intaneti loyamba ndi https chimadalira ntchito yamtundu umenewu. Kubisako kumachitika ndi makiyi awiri, wina woonetsa aliyense, wina wachinsinsi yemwe amakhala mu seva mokha, ndipo chitetezo chonse chagona pa kiyi wachinsinsiyo. Masamu amene amagwiritsidwa ntchito pobisa uthengawu ndi olimba kwambiri, moti akuba sataya nawo nthawi. Chimene amasaka ndi kulakwitsa kwa munthu amene ankalemba pulogalamuyo, monga mbala yosiya loko wolimba pachitseko nkukalowera pa zenera lomwe mmisiri anaiwala kukhomera.

Chitsanzo chomveka bwino ndi chiboo chotchedwa Heartbleed, chomwe chinalengezedwa pa 7 Epulo 2014. Mu OpenSSL munali njira yoti makompyuta awiri olumikizana azifunsana ngati mnzake akadalipo. Imodzi imatumiza mawu, tiyerekeze kuti "moni", nkunena kuti mawuwa ali ndi zilembo 4, ndipo seva imabweza mawu omwewo posonyeza kuti ikumva. Wolemba gawo limeneli anaiwala kuuza seva kuti iziwerenga zilembozo payokha isanayankhe. Wakuba ankatumiza "moni" yemweyo koma nkunama kuti zilembo zake ndi zikwi makumi asanu ndi limodzi, ndipo seva inkabweza "moni" pamodzi ndi chilichonse chimene chinali pafupi m'chikumbumtima chake, mpaka makilobaiti 64 pa ulendo umodzi. M'zinthu zotoledwa mwachisawawazo munkapezeka mapasiwedi a anthu, nthawi zina ngakhale kiyi wachinsinsi wa seva, ndipo wakubayo ankatha kubwereza kambirimbiri osasiya phazi m'mabuku a makinawo. Kulakwitsaku kunatuluka ndi OpenSSL 1.0.1 mu Marichi 2012 ndipo kunakhala zaka ziwiri kusanadziwike, kufikira pamene Neel Mehta wa ku Google ndi akatswiri a kampani ya Codenomicon ya ku Finland anakutulukira, aliyense payekha. M'zaka ziwiri zonsezo maseva ankagwira ntchito bwinobwino monga mmene yanu ikuchitira lero. Patangopita masiku ochepa chilengezereni, bungwe lotolera misonkho la dziko la Canada linanena kuti manambala a anthu pafupifupi 900 abedwa kudzera pa chiboo chomwechi.

Izi zikutifikitsa pa funso lanu lachiwiri. Inde, akuba amawerenganso, ndipo sindikubisirani kuti kukhala poyera kwa pulogalamu sikunalepheretse Heartbleed, pakuti nthawi imeneyo OpenSSL inkasamalidwa ndi anthu owerengeka, ambiri a iwo ongodzipereka, pamene dziko lonse linkatsamira pa ntchito yawo. Komabe ine ndimaona kuti kukhala poyerako kumatipindulira kwambiri kusiyana ndi mmene kumatipwetekera. Mu Marichi 2024 katswiri wina dzina lake Andres Freund anazindikira kuti kulowa mu kompyuta yake kudzera pa SSH, njira yolowera mu kompyuta kuchokera kutali, kukuchedwa ndi theka la sekondi, ndipo atafufuza anapeza kuti munthu wina, yemwe anakhala zaka zingapo akudzionetsa ngati wothandiza, wabisa khomo lachinsinsi mu pulogalamu yopanikiza mafayilo ya XZ Utils, mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1. Freund sanali mwini pulogalamuyo, koma anatha kusuzumiramo chifukwa inali yosatsekera aliyense, ndipo chiwembucho chinagwidwa chisanafike m'mitundu yokhazikika ya Ubuntu ndi Debian, yomwe ndi nthambi ina ya Linux. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mapulogalamu amenewa amakhala moyo chifukwa cha maso a anthu ambiri.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ndikufuna muigwiritse. Tsiku limene chigamba chatuluka, aliyense amatha kuona mizere imene yasinthidwa, ndiye kuti chigambacho chimalozeranso akuba pamene panali chiboo. Iwo amalemba timapulogalamu toyendayenda pa intaneti usana ndi usiku, kugogoda pa seva iliyonse imene tapeza, osasankha kuti iyi ndi ya banki yaikulu kapena ya kagulu ka alimi ku Katoto. Choncho nthawi yoopsa kwambiri imayamba pamene chigamba chalengezedwa koma inu simunachimate, ndipo kwa seva yanu nthawi imeneyo yatalika kale. Kumbukiraninso kuti dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe limayang'aniridwa ndi MACRA, ndipo limapereka udindo woteteza mbiri ya anthu kwa aliyense amene akuisunga. Manambala a ziphaso amene muli nawowo ndi a mamembala anu, inu munangosungitsidwa.

Tsopano chochita. Musanakhudze chilichonse, koperani zonse za mamembala pa chosungira china chakunja, ndipo muyese kutsegula zimene mwakoperazo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti zilimodi. Ndinapitako ku ofesi ina m'tauni muno komwe seva inali pansi pa tebulo, yofundidwa nsalu kuopa fumbi, pasiwedi yake italembedwa pa kapepala komatidwa pambali, ndipo mayi woyang'anira anandionetsa monyadira chosungira chimene ankakoperamo Lachisanu lililonse. Titachitsegula tinapeza kuti kwa miyezi yambiri munkalowa mafoda opanda kanthu, ndipo mayiwo anangogwira pakamwa. Zimenezo zinandikhudza kwambiri, chifukwa iwo ankachita ntchito yawo mokhulupirika koma panalibe amene anawaonetsa kuyesa.

Mukatero muli ndi njira ziwiri. Yoyamba, yomwe ndi yofulumira, ndi kulembetsa seva yanu ku Ubuntu Pro, dongosolo la Canonical lomwe limatalikitsa zigamba za chitetezo kufika zaka khumi, kutanthauza kuti 18.04 imafika nazo mu 2028. Munthu wogwiritsa ntchito payekha amaloledwa makompyuta asanu kwaulere, koma poti inu ndi bungwe, muwerenge kaye mfundo zake kuti muone ngati mukuyenera kulipira. Njira yachiwiri, yomwe ine ndingasankhe, ndi kusamukira ku mtundu umene ukusamalidwabe, monga 24.04. Lamulo lolemba pa kompyuta la do-release-upgrade, lomwe limakweza Ubuntu kupita ku mtundu watsopano, silidumpha mitundu, limachoka pa 18.04 kupita pa 20.04, kenako 22.04, kenako 24.04, ndipo pa sitepe iliyonse pulogalamu yanu ya ngongole ikhoza kukana kuyenda ndi zinthu zatsopano. Nchifukwa chake nkwabwino kuika Ubuntu yatsopano pa kompyuta ina, kusamutsiramo zinthu, kuyesa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako nkuzimitsa yakaleyo. Ntchito imeneyi musaigwire nokha, itanani mphwanuyo kapena mmisiri wodziwa Linux, ndipo muitanirenso mnyamata wa ku Johannesburg uja pa foni kuti afotokoze zimene anaikamo. Malangizo ake oti musamagwiregwire makinawo anali ndi cholinga chabwino, koma amayenera kusiyanso munthu womata zigamba.

Potsiriza pa yankho lanu, mukasamuka mupange makiyi atsopano ndi satifiketi yatsopano, yomwe ndi chiphaso chotsimikizira olowamo kuti sevayo ndi yanudi, ndipo aliyense wolowa mu seva asinthe pasiwedi. Chigamba chimatseka chiboo, koma sichibweza zimene zinatuluka kale, pajatu madzi akatayika saoleka. Phunziro limeneli linaoneka bwino mu Meyi 2008, pamene Luciano Bello anapeza kuti kusintha kwakung'ono kumene kunachitika mu OpenSSL ya Debian mu 2006 kunachititsa kuti makiyi opangidwa pa Debian ndi Ubuntu azichokera m'gulu la makiyi osapitirira 32,768 pa mtundu uliwonse, moti wakuba akanatha kungowayesa onse mmodzimmodzi. Amene anangomata chigamba nkusunga makiyi akale anakhalabe pambalambanda. Satifiketi isakudetseni nkhawa pa nkhani ya ndalama, chifukwa bungwe la Let's Encrypt limapereka kwaulere, ndipo pulogalamu ya certbot imaikonzanso yokha isanathe.

FUNSO: Ndine wophunzira, ndimakhala ku Luwinga, ndipo ndili ndi Ubuntu 22.04 pa laputopu yomwe ndimayeserapo ntchito za seva. Ndinawerenga za chiboo cha OpenSSH chotchedwa regreSSHion, ndipo akuti chinatsekedwa mu mtundu wa 9.8. Ndalemba sudo apt update ndi sudo apt upgrade kangapo konse, koma ndikafunsa ndi ssh -V ikundionetsabe 8.9. Kodi ndikatenge 9.8 pa intaneti nkuiika ndekha? (Mnyamata wa ku Luwinga)

YANKHO: Achimwene, musakatenge, chifukwa chigambacho muli nacho kale ngati malamulo awiriwo anayenda mpaka kumapeto. Chiboo chimenechi, chomwe nambala yake ndi CVE-2024-6387, chinalengezedwa ndi kampani ya Qualys pa 1 Julayi 2024, ndipo anachipatsa dzina limenelo chifukwa chinali vuto lakale lomwe linakonzedwa mu 2006 nkubwereranso mwangozi pamene anthu ankasintha zina. Eni ake a OpenSSH, pulogalamu imene imayendetsa SSH, anachitsekadi mu 9.8. Koma Ubuntu ndi Debian sizisintha mtundu wonse wa pulogalamu pakati pa ulendo, poopa kuti zinthu zatsopano zingasokoneze maseva amene akuyenda kale. Chimene akatswiri awo amachita ndi kudula kachigamba kokhako kuchoka mu mtundu watsopano nkukasokerera pa mtundu wakale umene muli nawo, monga telala amene amasoka pong'ambika popanda kusintha malaya onse. Nchifukwa chake 8.9 siisuntha, ndipo OpenSSL ya pa 22.04 nayo idzakuonetsani 3.0.2 mpaka kalekale.

Yang'anitsitsani mzere umene ssh -V ikulemba, ndipo muona kuti pambuyo pa 8.9p1 pali mawu akuti Ubuntu otsatiridwa ndi manambala ena. Nambala yakumapetoyo ndi imene imakwera chigamba chilichonse chikamatidwa. Kuti mutsimikize, lembani apt changelog openssh-server nkusakamo nambala ya CVE ija, kapena muyerekeze nambala yanu ndi imene yalembedwa pa zidziwitso za chitetezo za Ubuntu, zomwe zimayamba ndi zilembo USN. A Debian zawo zimayamba ndi DSA. Mukakaika 9.8 ndi manja anu, apt, pulogalamu imene imaika ndi kukonzanso mapulogalamu mu Ubuntu, sidzaidziwa, ndiye kuti chiboo china chikadzapezeka pulogalamuyo idzatsala yosamatidwa pamene inu mukuganiza kuti makina akudzisamalira. Komanso zimene zimabwera kudzera pa apt zimakhala zosainidwa ndi kiyi wa eni ake, ndipo kompyuta yanu imakana phukusi lililonse limene lasinthidwa panjira, chitetezo chimene simuchipeza mukamatola mafayilo pa masamba osadziwika.

Poti mukuphunzira ntchito ya maseva, dziwaninso ichi, chomwe ambiri amachiphonya. OpenSSL ndi laibulale imene mapulogalamu ena monga Apache ndi nginx, omwe amapereka masamba a intaneti, amaitenga pamene akuyamba, nkuisunga m'chikumbumtima. Mukamata chigamba, fayilo yatsopano imakhala pa disiki, koma pulogalamu imene inayamba dzulo imapitiriza ndi yakale yobooka ija kufikira mutaiyambitsanso. Pulogalamu ya needrestart, yomwe imabwera kale mu Ubuntu 22.04 ya seva, imakuuzani mapulogalamu ofunika kuyambitsidwanso, ndipo mukaona fayilo ya /var/run/reboot-required dziwani kuti makina onse akufunika kuzimitsidwa nkuyatsidwanso.

FUNSO: Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ku Chibavi komwe tinalandira makompyuta 12 okhala ndi Linux. Bandulo ya intaneti timagula ndi ndalama zosonkha, ndipo magetsi amathima mosadziwitsa. Tsiku lina anathima update ili pakati, ndipo kompyuta imodzi yakhala ikukana kuika chilichonse kuyambira pamenepo. Tingatani kuti tisamawononge ndalama komanso makina? (Mayi mphunzitsi a ku Chibavi)

YANKHO: Mayi, kompyuta imene ikukanayo nthawi zambiri imakhala isanawonongeke, imangokhala ndi maphukusi amene anatsala theka. Lembani sudo dpkg --configure -a kuti imalize zimene inasiya, kenako sudo apt -f install kuti ikonze zimene zinasokonekera, ndipo kawirikawiri imabwerera mwakale. Kutsitsa maphukusi kukadukira pakati sikuopsa, chifukwa apt imadzapitiriza, koma gawo loopsa ndi mphindi zochepa zimene ikuika. Mukhoza kulekanitsa magawo awiriwa polemba sudo apt upgrade --download-only nthawi imene netiweki ili bwino, nkudzaika pambuyo pake pamene kompyutayo yalumikizidwa ku UPS yokhala ndi batire lamoyo. Batirelo muziliyesa pozula pulagi kukhoma, chifukwa ma UPS ambiri amene ndawaona m'maofesi amayaka nyale yobiriwira koma amazima limodzi ndi magetsi.

Pa nkhani ya bandulo, palibe chifukwa choti makompyuta 12 atsitse phukusi limodzimodzi maulendo 12. Sankhani kompyuta imodzi muikemo apt-cacher-ng, ndipo enawo muwauze kuti azitengera kwa imeneyo. Yoyamba kufunsa phukusi ndiyo imadya bandulo, ndipo otsatirawo amalandira kuchokera m'chipinda momwemo, malinga onse akhale ndi mtundu umodzi wa Linux. Ndalama zikachepa kwambiri, tsogozani zigamba za chitetezo zokha. Pulogalamu ya unattended-upgrades pa Ubuntu imabwera itakonzedwa kale kuti izitenga za chitetezo, ndipo zigamba za OpenSSL ndi OpenSSH ndi zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi mapulogalamu olembera makalata kapena ojambulira zithunzi. Pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, monga Firefox, ndi yolemerako, koma musaisiye m'mbuyo, pakuti ili ndi zobisira uthenga zakezake ndipo ndiyo imene ana amakumana nayo ndi dziko lakunja tsiku ndi tsiku. Ngati palibe amene amalowa m'makompyuta a ophunzirawo kuchokera kutali, chotsanimo openssh-server, chifukwa khomo limene kulibe silifuna chigamba. Muonenso mtundu wa Linux umene anakuikirani polemba lsb_release -a, ndipo ukapezeka kuti ndi Ubuntu 20.04 kapena yakale kuposa pamenepo, yankho limene ndapereka kwa bambo a ku Katoto likukhudzanso inu, popeza chisamaliro chaulere cha 20.04 chinatha mu Meyi 2025.